Mpando wa Adadi Wasanduka Iconic

"Musaukhudze! Adadi, ndati mpandowo ubwerere pomwe unali!"

Bambo ometa anaima pakhomo la babashopu yawo atakumbatira mpando wakale, theka uli panja theka mkati. Mwana wawo wamkazi wachisamba, yemwe amayendetsa page ya shopuyo pa intaneti, anawatchingira njira, foni m'mwamba ngati referee.

"Iwe, mpandowu ndinagula usanabadwe. Lero ndipemphe chilolezo kwa iwe?"

"Koma pano ndi iconic!"

Mpando wake womwewo unasiya kukwera kalekale. Chopondera chinathyoka, siponji inali kutuluka ngati matumbo a nkhuku, mwendo umodzi unkatsamira njerwa. Bambowo ankameta chowerama tsiku lonse, mpaka msana unafika poti nsapato ankavala atagona chagada. Watsopano anagula, unali kuseri, ukadali m'pulasitiki. Koma mtsikanayo anali atajambula wakalewo, kuuthira black and white, caption yake: the iconic chair. Basi, dziko linapenga. Anyamata a ndevu zokonza kwina ankabwera, kukhalapo, kupinda mwendo, selfie, bye. Tsitsi osameta ngakhale limodzi.

"Tandiuza bwinobwino," anatero bambowo akupuma mwabefu, "iconic wakoyo ndi matenda anji?"

"Si matenda, dad. Ndi chinthu choti munthu akangochiona, wadziwa kale malo ake, nthawi yake, anthu ake. Chimaimira tonsefe. Culture!"

"Ineyo ndaimirira pano zaka zonsezi, sindinaimire munthu. Mpando wongokhala ndiye ukuimira tonse?"

Kasitomala wachidazi amene ankadikira pabenchi anaseka mpaka kutsokomola. "Akulu, kunena zoona inenso ndabwerera mpandowo. Mkazi wanga akufuna pic."

"Mwamva?" mtsikanayo anawomba m'manja. "Ndipo osaukonza. Njerwayo ndiye vibe yake. Wina anakomenta kuti mukasoka siponji apanga unfollow."

Bambowo anautsitsa mpandowo pang'onopang'ono, dzanja lina lili pamsana. Anayamba kuimvetsa nkhaniyo: chinthu chikatchedwa dzina limenelo sichiloledwa kuchira, sichiloledwanso kufa. Chimangovutika poyera, anthu n'kumakonda.

"Nanga msana wangawu?"

Mtsikanayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso akuwala zoopsa.

"Wait. Imani choncho, osawongoka. Adadi, maweramidwe anuwo! Anthu akumati the bending barber. Serious, nanunso mwayamba kukhala iconic. Tangogwirani mashini, muyang'ane kumbali ngati mukuganiza za moyo."

Wachidazi uja anali atatulutsa kale foni yake.

Bambowo anavula epuloni n'kumukoleka mwanayo m'khosi. Anamupatsa mashini, chipeso ndi burashi. Kenako anawongoka, msana n'kulira kuti gwede.

"Uweramepo wekha, mayi culture."

Anadumpha mpandowo n'kutuluka.