Kachipewa ka Limbani

M'chaka cha 1994 aBoaz Zulu anagula TV ndi vidiyo zakutha kale, napeza kachipinda kuseri kwa msika ku Chipata, mawindo n'kutseka ndi masaka a feteleza. Mafilimu anali a Chizungu. Chizungu cha aBoaz chinathera giredi 7 ku Madzimoyo, koma pakamwa Mulungu anawapatsa osayeza. Ankaima pambali pa TV n'kumamasulira: mzungu akanena mawu awiri, iwo dengu lonse.

Anthu ankakonda mafilimu a m'nyumba aja: mwamuna, mkazi, zitseko zambirimbiri, mpeni kukhitchini. Ndipo kwa aBoaz woipa ankakhala mkazi basi. Akaseka ndi hule, akalira ndi mfiti, akakhala chete ndiye kuti akuphika chiphe.

Mkazi wawo Yosefina ankakhala pakhomo, kulowetsa anthu ndi kugulitsa nshawa zokazinga. M'kati sankalowa. Ankangomva phwete, n'kumanyadira kuti anakwatiwa ndi munthu wosangalatsa tauni yonse.

Loweruka lina masana, mnzake Dolika wogulitsa zitumbuwa anamukoka chitenje.

"Amake Limbani, lero lowani. Nshawa ndikuonerani."

"Ndikaone chiyani? Azungu akupsompsonana?"

"Lowani chabe. Anyamata a njinga akamadutsa pano n'kumanunkhiza zipewa zawo, inu mumati ndi chimfine?"

Yosefina analowa, naima kumbuyo mumdima. Pa TV mzimayi wa tsitsi loyera anali kulira, akufunafuna m'dirowa. Yosefina Chizungu sankamva, koma maso anali nawo. Anaona mwamuna wa mzimayiyo akubisa makiyi m'thumba, kenaka akudula waya wa foni. ABoaz zimenezo anazidumpha ngati matope.

"Muoneni uyu, mutu sukoka!" anafuula. "Mwamuna wake akangogona, amatsegula sutikesi, n'kutulutsa kachipewa ka ulusi ka mwana wakufa, n'kumakanunkhiza fwii, fwii! Ati, 'Wadya, mwanangu?' Kumanda kuli lesitilanti?"

Chipinda chonse chinagwa nako kuseka. Ena ananena mawuwo pamodzi nawo, umboni woti sikanali koyamba.

M'dirowa la mzungu munalibe kachipewa. Kachipewa kanali m'sutikesi ya Yosefina, pansi pa diresi la ukwati. Mwana wawo Limbani anapita ndi chikuku asanayambe n'kuyenda komwe. Ndipo munthu wodziwa za kachipewako anali mmodzi yekha, amene Yosefina ankayesa kuti amakhala ali m'tulo.

"Atate ake Limbani," anaitana Yosefina.

Phwete linazima ngati adula magetsi.

"Kachipewa kali pati pa TV apo? Tionetseni. Ine ndaona mwamuna akudula waya. Chizungu chake chinakuvutani?"

"Aa, amake mwana, ndi nthabwala chabe. Filimu yopanda mchere ndani angalowe? Dzina sindinatchule."

"Dzina lake ndi lomwe ndakuitanirani nalo. Kapena mwaliiwala?"

Yosefina anayembekeza kuti mwina agwetsa nkhope. ABoaz anayang'ana anthu awo, nayang'ana TV, nakweza voliyumu.

M'mawa mwake Yosefina anakwera lole ya ku Chipangali, kwa alongo ake, sutikesi ili pamiyendo. Kondakitala atafuna kuiponya pamwamba pa matumba, anaikakamira ndi manja onse awiri.

Loweruka lotsatira Dolika anamva aBoaz akumasulira filimu yomwe ija. Mzimayi wa tsitsi loyera anali atapeza khalidwe latsopano: kuthawa mwamuna wosalakwa, sutikesi m'manja. Anthu anadzaza mpaka pakhomo.