Mwala wa Mbewa wa ku Solnae

Bong Tae-sik analowa ntchito pa Chipatala cha Khansa cha Solnae ndevu zisanamere bwino, ngati wosonkhezera malasha m'ng'anjo zotenthetsa madzi ndi zipinda. Nthawi imeneyo chipatalacho chinali nyumba ziwiri basi: ya njerwa zofiira yogonamo odwala, ndi ya malata ya ofufuza. Kuseri kwake kunali minda ya kabichi mpaka kumtsinje. Akale pantchitopo ankasimba kuti Dokotala Ok, amene anayambitsa malowo, anafika ndi makina amodzi owotchera zotupa ndi anamwino owerengeka, ndipo odwala ankabwera pangolo atafunda mabulangete awoawo.

Minda ya kabichi inatha pang'onopang'ono. Mkulu aliyense wobwera kudzayendetsa chipatala ankafuna kusiyapo nyumba yake. Wina anamanga ya maopaleshoni, wina ya ana, wina nsanja yaitali ya magalasi kumene ofufuza anasamukira pamodzi ndi mbewa zawo. Odwala anayamba kuchokera kuzilumba, ena mpaka kunja kwa dziko, ndipo basi ya mumzinda inasintha njira kuti izidzera pachipata. Bong naye anakwera. Pamene imvi zinkadzaza mutu wake anali woyang'anira nyumba ndi mabwalo onse.

Tsiku lina mkulu watsopano wa chipatala, Dokotala Seok Mi-ran, anamuitanitsa. Anali mayi wosataya mawu. Anatambasula mapulani patebulo n'kuloza ndi cholembera.

"Bambo Bong, nyumba ya malata ija ikugwa mwezi wamawa. Pamenepo tikumba pansi penipeni, makina atsopano owotchera zotupa amafuna chipinda chakuya. Koma omanga akuti pali mwala."

"Ulipodi, bwana. Wa mbewa uja."

"Usamutseni."

"Ndiupititse kuti?"

"Mukanafunsa za chotupa cha m'mapapo ndikanakuyankhani. Za miyala ndi zanu."

Mwalawo unali wotuwa, wolekeza m'chifuwa mwa munthu, ndipo unaima kuseri kwa nyumba ya malata pansi pa mtengo wa paini. Anauimika ndi Dokotala Ok pokumbukira mbewa zimene zinkafera pa kafukufuku. Kale, nyengo yokolola mpunga ikafika, ofufuza ankabwera atavala makhoti awo oyera, n'kuyala maapozi ndi nthanga za mpendadzuwa pakatebulo, n'kuwerama. Atasamukira kunsanja anakhoma chikwangwani cha mkuwa pakhoma la m'kati, ndipo mwambowo anayamba kuchitira komweko, kosafika mphepo. Mwala unatsala wokha, ndere zikukwirira zilembo zake zakale za Chitchaina, zimene anthu ambiri sankatha kuwerenga.

Bong anayamba ndi eni ake. Pulofesa Yeom, mkulu wa ofufuza, sanachotse n'komwe maso pakompyuta.

"Ife tili nacho kale chikwangwani chathu. Ndipo chimwala chimenecho mungakwere nacho bwanji kuno? Mukufuna pansi pabooke tigwere odwala?"

Mkulu wa anamwino kunyumba ya ana anamumvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Bambo Bong, kholo likasuzumira pawindo la mwana wake n'kuona mwala wolembedwa, liganiza chiyani? Amenewo ndi manda."

Wa kukhitchini anakana Bong asanamalize kulankhula. Anati mbewa pafupi ndi mapoto ake ayi, ngakhale zikhale za pamwala. Pamalo oimika magalimoto panalibe poyambira, poti madokotala eni ake ankakanganirana malo m'mawa uliwonse. Bong anaimbira mwana wa malemu Dokotala Ok, amene anayankha kuti amakhala m'nyumba ya m'mwamba mumzinda wa Busan, ndipo pakhonde pake ngakhale njinga sikwana. Pomaliza mmonke wa pakachisi wa kuphiri anavomera kuulandira, malinga aubweretse okha. Bong anapangana ndi kapitawo wa omanga, Bambo Ma, kuti lole ibwere Lachiwiri m'mawa.

Lachiwiri atafika pamalopo anapeza chimakina chokumbira chili zii, Bambo Ma atatsamira tayala akusuta.

"Akulu, alendo anu awo," anatero Ma, akuloza ndi chibwano. "Ine sindikumba pali anthu a madiripi."

Pamwalapo panali kagulu ka odwala atavala zovala za m'wodi, ena atakoka mitengo yawo ya diripi. Patsinde pa mwala panali manachesi ndi timabotolo ta yogati. Bong anali ataonapo zoterezi kangapo, koma ankayesa amasiya ndi ofufuza. Tsiku limenelo m'pamene anaonanso kuti pamutu pa mwalawo panali posalala ndi pakuda, ngati chigwiriro cha khasu lakale.

Mayi wina wamfupi, wovala chipewa chaubweya pamutu wopanda tsitsi, anabwera kutsogolo. Dzina lake linali Mayi Hyeon, wogulitsa nsomba wochokera kuzilumba.

"Ndinu abwana ake a mabwalo? Mwala wathuwu mukuupititsa kuti?"

"Wanu?"

"Nanga wa ndani? Aliyense m'wodi mwathu amadziwa. Usanapite ku opaleshoni umabwera kudzaugwira pamutupa. Ine anandiuza ndi mayi amene ndinamupeza pabedi loyandikana ndi langa, nayenso anachita kuuzidwa."

"Ndi mwala wa dokotala woyamba uja," anawonjezera bambo wina wamtali wa magalasi. Ameneyu anali Bambo Chu, woyendetsa takisi wopuma ntchito. "Munthu anachiza anthu ambirimbiri, inu n'kumutaya ngati chinyalala?"

Bong anayang'ana Ma. Ma anayang'ana kumwamba.

"Pepani nonse," anatero Bong. "Mwalawu si wa dokotala. Ndi wa mbewa."

"Wa chiyani?"

"Mbewa. Zoyeserapo mankhwala zija."

Anagwada, napala ndere ndi kiyi, nawerenga zilembozo chimodzichimodzi monga ankamvera ofufuza akuwerenga kale. Kenako Bambo Chu anavula magalasi.

"Mukutanthauza kuti miyezi yonseyi ine, mkulu wa mpingo, ndakhala ndikuweramira mbewa?"

Mayi Hyeon anaseka mpaka kutsokomola, atagwira mtengo wa diripi kuti asagwe.

"Iii, akulu a mpingo! Nanga dokotala wakufayo ndiye abusa anu anakulolani kumuweramira?"

"Inu khalani chete. Mwatinunkhitsa nsomba wodi yonse."

"Nsomba zanga zouma zija anamaliza ndani dzana? Si inu, mukubisala kwa anamwino?"

Bambo Chu anatembenuka n'kumapita, kagudumu ka mtengo wake wa diripi kakulira m'njira monse. Awiri anamutsatira. Otsalawo sanasunthe. Mayi Hyeon anakhala pansi patsinde pa mwala, nakonza chipewa chake.

"Kaya ndi mbewa kaya ndi nyani, ine opaleshoni yanga ndi Lachinayi. Mudzauchotse Lachisanu."

Bong anadziwa kuti Lachisanu padzapezeka wina wa opaleshoni ya Lolemba. Mnyamata wina wodzazonda odwala anali atayamba kale kujambula ndi foni. Bong anauza Ma kuti abweze lole, iye nakwera ku ofesi.

Dokotala Seok anamva nkhani yonse osamudula. Atatha anagogoda tebulo ndi cholembera kwa kanthawi.

"Chipatala chino sichingauze anthu kuti mwala umachiza."

"Sichinawauzepo, bwana. Amauzana okha."

"Komanso sindikufuna kudzuka m'mawa n'kuona odwala anga m'nyuzipepala atatchinga makina." Anaika cholembera pansi. "Palibe malo amene mumalamula nokha, oti simufunsa munthu?"

Analipo. Pambali pa nyumba ya ng'anjo zakale panali kabwalo kamene ankaunjikapo malasha, ndipo chisiyireni malasha palibe anakafunapo. Kanali m'mbali mwa njira yochokera kumawodi kupita kunyumba ya maopaleshoni.

"Ikani pamenepo," anatero Dokotala Seok. "Ndipo mulembe m'zilembo zathu, zoti aliyense awerenge, kuti ndi wa chiyani. Wougwira azigwira akudziwa."

Anadikira mpaka Lachisanu. Atayamba kukumba anapeza kuti mbali yokwiririka inali yaitali kuposa yoonekayo. Mmodzi wa omanga, mbadwa ya komweko, anati uyenera kuti unali umodzi mwa miyala ya kamlatho kakale ka pamtsinje. Makina amene anabweretsa anachepa mphamvu, chingwe chinaduka, ndipo ngodya imodzi ya mwala inabenthuka. Ma anatukwana mpaka anamwino anatseka mawindo. Anaitanitsa makina aakulu, ndipo dzuwa lisanapendeke mwala unaima pamalo ake atsopano, utapendamira pang'ono kumanzere. Bong anaimbira mmonke uja kupepesa. Mmonkeyo anati palibe kanthu, miyala kuphiri ilipo yambiri.

Chikwangwani chinafika patapita masabata awiri. Chinali ndi mawu ochepa: dzina la Dokotala Ok, chaka, ndi kuti mwalawo ndi wokumbukira mbewa za kafukufuku. Masiku oyamba anthu ankaima, n'kuwerenga, ena n'kuseka, n'kumapitirira. Chisanu chitayamba, manachesi anayambanso kupezeka patsinde, ndipo Bong anauza osesa kuti azichotsa akayamba kuola. Bambo Chu anakadandaula ku ofesi kuti chipatala cha boma chikulimbikitsa zamafano. Anamulandira bwino, anamupatsa tiyi, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Bong anawaonanso Mayi Hyeon kamodzi kokha, ali pampando wa matayala, mwana wawo wamkazi akuwakankha padzuwa. Anakweza dzanja, koma mawu sankatuluka bwino. Patapita masiku pabedi lawo panali munthu wina. Bong sanafunse ngati anabwerera kuzilumba kapena ayi. Pachipatala chimenecho munthu ukakhalitsa umasiya kufunsa za mabedi.

Dzenje la makina atsopano linakumbidwa chaka chonse, ndipo kumanga kunatenga china. Mtengo wa paini unadulidwa. Makinawo anabwera pa sitima ya pamadzi m'zidutswa, pamodzi ndi amisiri akunja amene ankadandaula kuti chakudya cha m'kantini n'chowawa tsabola. Ofufuza atsopano analembedwa ambiri, mwakuti nsanja ya magalasi nayonso inayamba kuchepa.

Tsiku lotsegulira nyumbayo kunabwera akuluakulu a mzinda, oimba, ndi maluwa ondanda kuchokera pachipata. Bong, amene anatsala ndi miyezi yochepa kuti apume ntchito, anavala suti ndipo anamusungira mpando pamzere wachitatu. Mwambo usanayambe wina anadzamunong'oneza kuti paipi yaphulika m'chipinda chapansi. Anavula jekete, natsika ndi amisiri awiri. Pamene ankatulukako, thalauza litanyowa mpaka m'mawondo, alendo anali atapita ndipo antchito ankapinda mipando. Wa kukhitchini anamusungira timitanda ta mpunga m'mbale. Anadya chiimire, nafunsa kuti odwala oyamba akulowa liti, ndipo atamva kuti ndi mawa lomwe anabwerera pansi kukaona ngati khoma lauma.