Majezi a Dainess

Majezi a timu yathu ya mpila ku Petauke anasoka ndi mkazi wanga Dainess, chaka chimodzi asanamwalile. Anali a matumba a ufa, onyikidwa m'makungwa a mlombwa mpaka kufiila. Ndinkawasunga ine, m'bokosi lake.

Lachitatu nyuzipepala inafika pa sitolo ya a Cosmas Mwanza, pomwe okonda mpila tinkasonkhana. Mutu wa nkhani unati: "Timu ya ku Nyimba ikudikila anyamata a matumba."

"Matumba!" anakuwa a Cosmas. "Dziko lonse latiseka!"

"Akunena malaya, osati miyendo," anatelo Febian, wapagolo wathu.

"Iwe khala chete. Miyendo yako ndiye matumba enieni."

A Cosmas anatulutsa nsalu yobiliwila ya mizele yoyela, yomwe lole ya wamalonda inali itangotsitsa. Mkangano unabuka. Ena ankafuna mizele yoimilila. A Bonaventure, aphunzitsi, anati yopingasa imanenepetsa munthu, adani aziopa. Yopingasa inapambana, telala anaitanidwa.

"Nanga akale aja, a Lungu?" anandifunsa a Cosmas. "Tizipukutila mpila?"

"Ayi," ndinatelo.

Masiku atatu sindinakhazikike. Ndinkapita kumunda, khasu osaligwila, n'kubwelela kukatsegula bokosi, n'kulitsekanso. Loweluka ndinakwela lole ya timu ndi thumba pamiyendo.

"Mwanyamula chiyani, bambo?" anafunsa Febian.

"Katundu."

Ku Nyimba anyamata athu analowa m'bwalo akunyada. Kenaka eni mudzi anatuluka kuseli kwa sukulu: nsalu yobiliwila, mizele yoyela, yopingasa. Tinaiwala kuti lole ya wamalonda uja imayamba kutsitsa ku Nyimba isanafike kwathu.

Anthu anagwa ndi phwete. Woimbila mpila anati, "Alendo ndiwo avule. Musewela opanda malaya."

Amayi a ku Nyimba anayamba kale kululutila. A Cosmas anayang'ana thumba langa, kenaka ine.

"Awa ndi opukutila mpila," ndinatelo.

Anavula chipewa. "Ndinalankhula molakwa, a Lungu."

Ndinamasula thumba.

Akuti tinagonja ndi zigoli ziwili. Sindinaone. Ndinkayendayenda m'mbali mwa bwalo, maso pa misoko ya Dainess, mtima ukudumpha aliyense akakokedwa malaya.

Pomaliza Febian anabwela ndi jezi imodzi yong'ambika m'khwapa.

"Pepani, bambo."

"Bweletsa."

Kunyumba, singano ya Dainess inali m'bokosi momwe anaisiya. Ulusi unalowa nditayesa kachisanu.