Atelala Amveka pa Wailesi

Atelala sankadziwa kuti ndakatulo yawo ingafike pa wailesi. Anailemba tsiku lina magetsi atazima, makina osokera ali duu. Mng'ono wawo, amene ankawathandiza kusita ndi kusokerera mabatani, ndiye anaitumiza.

Itamveka Loweruka masana, atelala anakuwa mpaka mapini amene analuma anagwera pansi. Muulutsi anatchula shopu yawo ndi msewu womwe, kenako n'kuyamba:

"Unandiitana sitima ikulira,
ine ndinayang'ana nsapato zanga.
Lero nsapatozo zinatha,
koma sitima ikulirabe m'khutu."

"Achemwali, mwatchuka!" anatero mng'ono wawo. Awiriwo anazungulira tebulo lodulira nsalu akuvina, tepi ikulendewera m'khosi mwa atelala.

Lolemba m'mawa kunabwera bambo wogulitsa nyama, amene anawafunsirapo atelala ali mtsikana n'kukanidwa. Anali atadzithira pefyumu wotsamwitsa.

"Mayi, ndamva zonse," anatero atagwira pamtima. "Ine sindinasunge chakukhosi. Musadzizunze nazo."

"Kodi inu munakwerapo sitima?"

"Ayi, koma ndinkakhala pafupi ndi njanji."

Asanatuluke, kunalowa aphunzitsi opuma pantchito, amenenso anakanidwa kalekale. Anabweretsa thalauza long'ambika pabondo, koma aliyense akanaona kuti ladulidwa ndi sizasi.

"Sitima ija ndi fanizo chabe," anatero aphunzitsi motsitsa mawu. "Ndinazindikira pomwepo kuti sitimayo ndine."

"Inu sitima?" analusa wanyama. "Ndi kuyenda kwanu kokoka miyendoko?"

Amuna awiriwo anatuluka akulozana zala. Atelala anagwera pamulu wa nsalu, kuseka mpaka nthiti kupweteka. Mng'ono wawo anangotsala pang'ono kuwotcha malaya a kasitomala.

Chakumasana kunatulukira amuna awo a atelala, amakaniko, manja ali bii ndi oilo. Anaima pakhomo osalowa, kuopa kudetsa nsalu.

"Ku galaja anzanga sakundipatsa mpata," anatero. "Akuti ndinakwatira munthu wotsalira pa siteshoni. Mayi a ana, wa sitimayu ndani?"

Kuseka kunawathera atelala. Anawakokera amuna awo pampando.

"Analipo mnyamata woimba gitala," anatero. "Gulu lawo linkapita kukaimba kumizinda yakutali, ndipo linkafuna mtsikana wa mawu. Ndinafika mpaka pa siteshoni, chikwama m'manja. Mantha anandigwira, ndinabwerera."

"Munkamukonda?"

"Iyeyo? Anali ndi makutu ngati zogwirira poto! Chimene chimandiwawa n'kuimbako, bambo. Sindinadziwe ngati ndikanatha. Ndinkayesa kuti ndinaiwala, koma nditayamba kulemba zinangotuluka zokha."

Amakaniko anapukuta zala ndi kansanza. Kenako anaimirira, n'kukonza kukhosi.

"Nanenso ndapeka ndakatulo yanga panjira. Tamverani.

Ndikanakhala dokotala,
koma masamu anandikana.
Ndikanakhala wolemera,
koma tulo n'tokoma.
Mkazi yekha ndiye ndinasankha bwino,
ngakhale amandibisira nyimbo."

"Alamu, imeneyo isapite ku wailesi!" anakuwa mng'ono uja, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

"Ndiye imbani, mayi," anatero amakaniko. "Zaka zonsezi ndimangomva kung'ung'udza kubafa."

"Pano? Anthu akudutsa!"

"Adutse."

Atelala anayamba ndi kamawu konjenjemera, maso ali pa makina. Pofika pakati, mawu anamasuka n'kudzaza shopu yonse. Amakaniko ankaimba ng'oma patebulo, kusiya zidindo za oilo ponseponse, ndipo palibe anawaletsa. Mayi wina wodzatenga diresi lake anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

Nyimbo itatha, mayiyo anafunsa ngati atelala angadzaimbe paukwati wa mwana wake.

"Adzaimba!" anayankha amakaniko ndi mng'ono uja pamodzi.

Atelala anabisa nkhope m'diresi lija, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Chabwino," anatero. "Koma ndiyambe ndadzisokera changa chovala."