Mpeni Umene Sukhudza Nyama

Zaka makumi atatu ndakhala ndikugulitsa nyama, ndiye mwana wanga mmodzi yekhayo n'kukakwatiwa ndi Mhindu wosadya ngakhale dzira. Paukwati pakamwa panandithawa: ndinati mkamwini wanga ndi mbuzi yovala taye. Anthu anaseka. Mwana wanga sanaseke, ndipo chaka chathunthu sanapondenso pakhomo panga. Ndinamusowa koopsa.

Tsiku limene anavomera kubwera ndi mwamuna wake, ndinalumbira kuti sindilakwitsanso. Ndinawiritsa nyemba, ndinagula kabichi ndi mabiringanya. Koma kabichiyo ndinadulira pa chipika changa cha nyama, mabiringanya n'kukazingira mafuta a ng'ombe. M'mutu mwangamu mafuta si nyama. Komanso ndiwo zosanona n'zopatsa mlendo?

Mkamwini anangonunkhiza mbale n'kuika supuni pansi. Mwana wanga anayamba kufunafuna chikwama chake kuti azipita.

"Tadikira kaye," mkamwini anamuuza. Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo, mwavutika chifukwa cha ine, ndaona. Koma umu muli mafuta a ng'ombe."

"Ndiye ng'ombeyo ikudandaula? Inafa kalekale!"

Anaseka. "Ife timakhulupirira kuti moyo uli mwa inewu ulinso mwa mbuzi. Sitifuna kukhuta ndi ululu wa chamoyo china, chifukwa zimene umachitira chinzako zimakubwerera. Ng'ombe ndiye imatipatsa mkaka ngati mayi. Si Ahindu onse amene amasala nyama, koma kwathu tinakula choncho." Anayang'ana chala changa chotupa chimene chinasuzumira mu silipasi. "Nanga adokotala anati bwanji za phazili?"

"Akuti ndichepetse nyama. Iwowo sagulitsa nyama."

Mkamwini anapinda manja a malaya n'kufunsa ngati ndili ndi poto amene sanaonepo nyama. Panali kapoto kamodzi kokha, kamene malemu mkazi wanga ankawiritsira mkaka, ndipo mwamwayi nyemba zija ndinawiritsira momwemo. Anyezi anadulira pambale ndi kampeni ka m'thumba mwake, anathira adyo, tomato ndi nyemba zowiritsa zija. Ndinadya mbale ziwiri, uku ndikung'ung'udza kuti mchere wachepa.

Butchala sindinatseke, ndisaname. Koma masiku anayi pa sabata ndimadya zophika za mkamwini, ndipo nsapato yayamba kulowa popanda kutukwana. Ndinagulanso mpeni wa chigwiriro chobiriwira ndi thabwa lake. Zimenezo sizikhudza nyama, ngakhale mutandigwadira.

Dzulo mwana wanga analowa osagogoda, anatenga mpeni uja n'kuyamba kudula ndiwo.

"Bambo, thabwali mulisamale," anatero osandiyang'ana. "Chaka chamawa muzidzadulirapo zipatso za mdzukulu wanu."

Ndinapukuta m'maso n'kunena kuti anyeziyu ndi waukali.

"Ndikudula tomato, bambo," anatero.