Mthunzi wa Turris

Tiyi wamadzulo anali kale patebulo pamene Aphunzitsi anafika kuchokera kumsonkhano wa komiti ya sukulu, jekete lili paphewa, nkhope ili yowala. Akazi awo anali kusita, mwana wawo wamkazi akuyamwitsa. Patapita kanthawi analowanso mkamwini, mlembi wa komitiyo, n'kukhala pampando wa kukhomo.

Nkhani inali ya nsanja ya njerwa ya kuseri kwa sukulu, imene kale inkanyamula thanki ya madzi. Thankiyo inabooka n'kuchotsedwa, ndipo komiti inkafuna kugwetsa nsanjayo kuti njerwa zake zimangire zimbudzi. Koma chipumireni pa ntchito, Aphunzitsi ankaswera pamthunzi pake kusewera makadi ndi anzawo, a Telala ndi a Dalaivala, kutali ndi tintchito ta pakhomo.

Kumsonkhanoko za makadi sanazitchule. Anatulutsa Chilatini chimene anaphunzira ali mnyamata. Anauza komiti kuti chinthu chotere dzina lake ndi turris, mawu amene olemba mbiri akale ankatchulira nsanja za pamalinga a mzinda, pamene alonda ankaonera adani akali kutali. Ngakhale nsanja zamatabwa zimene asilikali ankakankhira kumalinga pankhondo, ankazilemba choncho. Anthu ozindikira, anatero iwo, sagwetsa turris kuti amange zimbudzi. Wapampando anawapempha kuti alembe mawuwo pabolodi, ndipo manja onse anakwera m'mwamba kuvomereza kuti nsanjayo isagwetsedwe.

"Adani ake ati amene mumawaonera pa thanki paja?" anafunsa akazi awo atamva zonsezi, maso ali pa simbi.

"Izi ndi za mbiri, mayi. Simungazimve."

"Ndazimva. Mdaniyo ndine, ndikamabwera kudzakuitanani kuti mukonze chitseko cha kubafa."

Mwana wamkazi anaseka mpaka khanda linasiya bere. Mkamwini anakhosomola, n'kuyamba mwaulemu kunena kuti apongozi atatuluka, komiti inagwirizananso kanthu kena. Aphunzitsi anamudula, amvekere zotsalazo ndi za alembi, iwo ntchito yawo aimaliza. Mkamwini anayang'ana mkazi wake, n'kumwa tiyi.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, Aphunzitsi anaika makadi m'thumba, natenga kampando kawo. Anapeza a Telala ndi a Dalaivala ataima padzuwa, zipewa zili m'manja. Amisiri anali kukumba maenje mozungulira nsanja, mitengo ndi waya zili poteropo. Pakhoma anali atakhomapo thabwa la penti yosauma: TURRIS.

Wapampando anawagwira chanza ndi manja awiri. Anati komiti inachita manyazi kwambiri kuti zaka zonsezi chinthu cha mbiri chotere chinali pamtetete, anthu n'kumangochitsamira, ena mpaka kumatchovera makadi pamenepo. Tsopano pakhala mpanda ndi loko, ndipo kiyi azisunga a hedi.

"Lachisanu mubwere mudzawafotokozere ana, Aphunzitsi. Tidzakutsegulirani."

A Telala anafunsa motsitsa mawu ngati m'Chilatinimo mulinso mawu ena otsegulira geti. Aphunzitsi ananyamula kampando kawo, nabwerera.

Atafika kunyumba anapeza nyundo ndi misomali zili pakhonde, pamalo pamene amaika kampando kaja. Anavula jekete, nalowera kubafa.