Mitima Inagwera pa Bokosi

"Chithunzi cha malemu, mlamu. Pompano," alamu ake ananong'ona mu hedifoni.

Mausi anali kale ndi chala pa batani. Dzinali anam'patsa ndi alamu akewo, eti poti dzanja lake silichoka pa mausi ya laputopu ngakhale akudya. Iwo ankagwira kamera, iye ankayendetsa laivu. Tsikuli anakhala pakona ya tchalitchi, kuseri kwa mzati, pa katebulo kogwedera, mawaya ali mbwee kumapazi. Anthu fote-thuu ankaonera maliro a bambo telala pa mafoni awo. Mmodzi mwa iwo anali mwana woyamba wa malemuwo, amene anali kunja kwa dziko ndipo mapepala sanamulole kubwera.

Pa sikirini paja zinthu zimasanjikizana ngati zovala za nthawi yozizira. Pansi penipeni kamera, pamwamba pake kamzere ka dzina, pamwamba penanso chithunzi. Chilichonse ndi leya yake, ndipo leya iliyonse ili ndi kadiso pambali. Ukadina kadiso chinthucho chimaoneka, ukadinanso chabisala. Vuto la Mausi linali limodzi: maleya ake sankawapatsa mayina. Image 1, Image 2, Image 2 copy, basi. Ndipo poti Loweruka lapitalo anali ndi laivu ya ukwati, sanavutike kuyamba zatsopano. Anangobisa za ukwatizo podina timaso tija, za maliro n'kuzisanjika pamwamba.

Mayi amasiye anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, n'kuika chikhatho pa bokosi la amuna awo. Alamu anazuma kamera bwinobwino, dzanja lija n'kuonekera pafupi. Mausi anadina.

Chithunzi sichinabwere. Kunabwera mitima. Yapinki, yambirimbiri, ikugwa kuchokera pamwamba, kugwera pa mpango wakuda wa mayiwo, pa dzanja, pa bokosi. Pansi pake zilembo zagolide zikuvina: ZABWINO ZONSE MR & MRS.

Mausi anathamangira ku maleya aja. Anadina kadiso kena. Chithunzi cha malemu nde chinatulukira, akumwetulira pakati pa mitima ija ngati mkwati. Anadina kena, kenanso. Pomwe amapeza leya yolondola, masekondi khumi ndi limodzi anali atapita.

M'tchalitchimo palibe anaona kanthu, nyimbo inkangopitirira. Koma pansi pa laivu meseji inali italowa kale, ya mwana wakunja uja: "Ndani akuseweretsa maliro a bambo anga?"

Mwambo utatha, alamu ankakulunga waya pachigongono osamuyang'ana.

"Tidula," anatero. "Masekondi ochepa omwewo. Mu vidiyo yowapatsa simukhala kanthu. Wakunjayo timuuza kuti inali netiweki."

"Netiweki imagwetsa mitima, alamu?"

"Ya masiku ano imagwetsa chilichonse."

Alamuwo ankafuna kumuseketsa, koma Mausi sanaseke. Anatsegula vidiyo ija n'kuyang'ana podula. Mitima inkayamba dzanja la mayi aja litangofika pa bokosi, n'kutha dzanjalo likuchoka. Kamera inali imodzi. Podula mitima, dzanja linkapita nawo.

"Ndipita ndikawauze ndekha," anatero.

"Shuwa? Anthu ali pachisoni samva sole, mlamu."

"Kaya. Koma ndinadina ndine."

Mawa lake masana anafika kunyumba ya malemu, laputopu m'chikwama. Anamulowetsa m'chipinda chosokera, mmene mayi amasiye anakhala okha. Makina anali ovindikira ndi nsalu, tepi yoyezera ili lende pa msomali, jekete ya munthu wina ikudikirabe mkono umodzi.

"Amayi, ndine uja wa pa laivu. Ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwitsa dzulo."

"Ndamva kale. Mwana wanga wakunja uja wakalipa pafoni mpaka khutu kutentha." Anamulozera kampando. "Koma ine sindinaone. Tandionetsa."

Mausi anaika laputopu pa tebulo lodulira nsalu. Pasiwedi anaiphonya kawiri. Mayiwo anatenga magalasi pamwamba pa makina, aakulu, ooneka kuti sanali awo, n'kuvala.

Vidiyo inayamba. Dzanja pa bokosi. Mitima. Zilembo zovina. Malemu akumwetulira.

Kenako mapewa a mayiwo anayamba kugwedezeka. Mausi anagwada pansi.

"Pepani amayi, pepani, ndinali ndi za ukwati wa Loweruka, sindinazichotse..."

"Dzuka, iwe." Ankaseka, misozi ikutsika pansi pa magalasi. "Misita ndi Misisi. Ife? Tinakwatirana mu ofesi, Lachiwiri m'mawa, iye tepi ili pakhosi poti kasitomala ankadikira suti. Ngakhale chithunzi chimodzi tilibe."

Mausi anabwerera pa kampando, osadziwa poika maso.

"Zaka makumi anayi ndi zitatu, mwana wanga, duwa ngakhale limodzi ayi. Mkuluyu akafuna kunena zachikondi ankangotenga diresi yanga n'kuisoka mpendero usanang'ambike. Nde lero ndi uyu, wazunguliridwa ndi mitima, akuoneka ngati wagwidwa." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Chotsa mawu akuvinawo. Mitimayo usiye."

Apa Mausi anapukusa mutu.

"Sizitheka, amayi. Pa laivu chilichonse chimakhala pachokha, umatha kuchotsa chimodzi. Koma zikangojambulidwa zimamatana, zonse n'kukhala chinthu chimodzi."

"Ngati kansalu kolimbitsa kolala. Ukapitapo ndi ayironi, basi."

"Choncho kumene. Chomwe ndingathe n'kudula pamenepo ponse. Koma ndikadula, dzanja lanu pa bokosi lichokanso."

Mayiwo anayang'ana chikhatho chawo, n'kuchitembenuza.

"Nde dzanjali ndinaliikapo kamodzi kokha."

Panja wina ankatsuka makapu, mwana akulira chapatali. Mausi anadikira, chala chili pa mausi, osadina.

"Usadule," anatero mayiwo.

"Nanga achimwene akunja aja? Akwiya kwambiri."

"Ameneyo sanakwiyire mitima. Wakwiya poti bambo ake wawaika m'manda pa foni. Umusiye, ndinabereka ndine, ndilankhula naye." Anakankhira magalasi m'mwamba. "Koma iwenso, za ukwati uzichotseretu. Amasiye ena si ine, adzakuthamangitsa ndi tsache."

"Ndazidilita kale, amayi. Zonse."

"Wachita bwino. Tsopano tabwezera pomwe ikuyamba kugwa. Ndinali kuseka, sindinamuone bwino."

Mausi anakokera kamzere m'mbuyo. Mayi amasiye anasendeza mpando pafupi ndi sikirini, n'kutsamira chigongono pa tebulo la amuna awo.